Mlembi akapita, zimene ankadziwa zimatsala kuti?

Mlembi wa sosaite yathu ya maliro ku Mufakose, muno mu Harare, atamwalira, panapita masabata awiri mayi a kunyumba kwawo asanabwere ndi makope. Anabwera nawo m'jumbo, asanu ndi awiri, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, anawaika patebulo n'kukhala pansi osayankhula. Ine ndinali mmodzi mwa anthu atatu amene komiti inawatuma kuti awerenge. Malemuwo anali munthu wosamala. Zolemba zawo zinali zoongoka ngati za aphunzitsi akale a kumishoni, dzina lililonse ndi tsiku lake, ndalama iliyonse pamzere wake, kwa zaka zoposa makumi awiri. Tinkaganiza kuti ntchitoyo ithera madzulo amodzi.

Tinakakamira pa tsamba lina la 2008. Mayi wina wapereka 500, pambali pa dzina lake pali kanyenyezi. Koma 500 ya chiyani? Aliyense amene anali mu Harare zaka zimenezo akukumbukira kuti mu Ogasiti 2008 boma linadula maziro 10 pa ndalama, mu Febuluwale 2009 linadulanso 12, kenako tonse tinayamba kugwira dola ya ku America ndi randi. Kenako kunabwera ndalama zina za dziko lino: mu 2016 ma bond, mu 2019 RTGS, mu Epulo 2024 ZiG. Malemuwo sankalemba mtundu wa ndalama, poti iwo ankadziwa. Nanga kanyenyeziko? Makope onse anali ndi tinyenyezi, pena kamodzi, pena tiwiri, pena kozunguliridwa ndi mzere. Tanthauzo lake tinali titakaliika m'manda ku Granville, kuja timati ku Mbudzi.

Anthu a m'maofesi vuto ngati ili amaliika pansi pa mutu umene amautcha knowledge management, kunena kwake kasamalidwe ka nzeru ndi luso la bungwe. Mawuwo akumveka ngati a anthu ovala tayi a mu Samora Machel Avenue, koma nkhani yake ndi yomweyi ya jumbo ya makope: bungwe limadziwa zinthu, ndipo zimene likudziwazo zikhoza kusowa mapepala onse ali chikhalire. Kaya ndi banki, kaya chipatala, kaya mpingo, kaya kashopu kokhoma mipando ku Glen View, nzeru imabadwa penapake, wina amaigwira, imasungidwa, imagawidwa, kenako imagwiritsidwa ntchito kapena imaola. Mabungwe ena amayendetsa zimenezi mwadala. Ambiri amangozisiya zizidziyendera, mpaka tsiku la maliro, kapena tsiku limene katswiri wawo wakwera basi ya ku Johannesburg.

Nzeru si ya mtundu umodzi, ndipo osokoneza mfundo iyi amasokoneza zonse zotsatira. Ilipo yolembeka: mitengo ya katundu, malamulo a bungwe, nambala ya wogulitsa mabokosi. Ina imakhala m'manja, m'khutu, m'mphuno. Michael Polanyi, wasayansi wa ku Hungary amene anadzakhazikika ku Britain, ananena mu 1966 kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zimene angathe kufotokoza. Afunseni amayi anu kuti amadziwa bwanji kuti nsima yapsa. Adzati fungo limasintha, mphika umalira mwa mtundu wake, mthiko umalemera mwakutimwakuti. Lembani zonsezo bwinobwino, mupatse mnyamata amene sanagwirepo mthiko, mudzadya nsima yosapsa. Ku Magaba, ku Mbare, ndinaonapo mkulu wina wokonza injini akutsamiritsa screwdriver pa injini yoyaka, chogwirira chake pakhutu, maso atatsinzina, kenako n'kuloza pamene pakudyana zitsulo. Mnyamata wake anayesa zomwezo, anangomva phokoso.

Amene anaifufuza kwambiri nkhaniyi ndi Ikujiro Nonaka wa ku Japan, amene mu 1995, pamodzi ndi mnzake Hirotaka Takeuchi, anafotokoza mmene makampani a kwawo amapangira nzeru zatsopano. Chitsanzo chawo chotchuka ndi cha buledi. Mu 1985 kampani ya Matsushita ku Osaka, imene lero timaidziwa ndi dzina loti Panasonic, inkayesa kupanga makina ophikira buledi pakhomo. Makinawo ankakanda ndithu, koma buledi ankatuluka wopserera kunja, m'kati wosapsa. Mainjiniya anafika pojambula mtanda wa ufa ndi X-ray kuti aone kusiyana kwa wokandidwa ndi makina ndi wokandidwa ndi manja, osapeza kanthu. Ndiye mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, Ikuko Tanaka, anapita kukakhala wophunzira wa mkulu wa ophika buledi pa Osaka International Hotel. Mkuluyo sakanatha kumuuza chinsinsi chake, chifukwa mwiniwakeyo sankachiona ngati chinsinsi, manja ankangochita. Tanaka anakanda naye limodzi, tsiku ndi tsiku, mpaka anaona kuti mkuluyo akamakoka mtanda amaupotanso. Anabwerera kufakitale ndi mawu awiri okha, kukoka mopota, mainjiniya n'kusintha m'kati mwa makinawo kuti azitsanzira zimenezo. Makinawo anatuluka mu 1987 ndipo anagulidwa kwambiri.

Mu nkhaniyi Nonaka anaonamo masitepe anayi. Luso linachoka m'manja a wophika kulowa m'manja a Tanaka pongokhala limodzi. Kenako Tanaka analipezera mawu. Mawuwo anaphatikizidwa ndi zimene mainjiniya ankadziwa kale, n'kukhala mapulani olembedwa. Pomaliza, anthu ena pogwira ntchito ndi mapulaniwo anayamba kukhala ndi luso lawolawo la m'manja, ndipo gudumu linazungulira kachiwiri. Mwa anayiwa, loyamba lija ndi limene mabwana amathamangira kudula ndalama zikavuta, chifukwa limaoneka ngati ulesi: anthu awiri pa ntchito ya munthu mmodzi, wina akungoyang'ana. Ine ndimati pamenepo m'pamene pali mutu wa nkhani. Sosaite yathu inali ndi wachiwiri kwa mlembi zaka zonsezo, wosankhidwa ndi mavoti, koma sanakhalepo pambali pa malemuwo ngakhale Lamlungu limodzi akulemba. Udindo wake unali wowerenga mayina a odwala.

Kugwira nzeru isanathawe, mabungwe ambiri amakudziwa ndi dzina loti handover, kusiyirana ntchito. Tonse taziona mmene zimayendera. Munthu wagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu, tsiku lomaliza masana amalemba masamba awiri, amapereka makiyi, anzake amamugulira keke. M'masamba awiriwo mumakhala zimene aliyense akanazipeza yekha. Simukhala zoti kasitomala wakuti amalipira mochedwa koma salephera, zoti fomu yakuti imabwezedwa ukapanda kudinda tsamba lachitatu, kapena zoti jenereta imafuna kuidikira kaye isanalumikizidwe. Munthuyo sakubisa ayi. Zinthu zimenezi zinamulowa m'magazi, sakuziwerenganso ngati nzeru. N'chifukwa chake mabungwe ozindikira samuuza kuti alembe zonse zimene akudziwa. Amamutumizira womufunsa, makamaka amene adzalowe m'malo mwake, miyezi isanakwane, ndipo mafunso ake amakhala a nkhani: tsiku limene zinavuta kwambiri linali liti, munatani, munaimbira ndani.

Musaganize kuti izi zimagwera ife osauka tokha. Dziko la America, m'zaka za m'ma 2000, litafuna kukonzanso zida zake zina za nyukiliya, linapeza kuti laiwala kapangidwe ka chinthu china chachinsinsi chotchedwa Fogbank, chimene linasiya kupanga mu 1989. Fakitale inali itatsekedwa, antchito ake atapuma, zolembedwa zili zoperewera. Atayesanso, chinthucho chinkatuluka chosiyana, ndipo patapita zaka ndi ndalama zambiri anazindikira kuti kale m'zopangira munali kachitsotso kena kamene kankathandiza, kamene njira yatsopano yaukhondo inkakachotsa. Palibe anakalembapo, poti palibe ankadziwa kuti n'kofunika.

Ilipo njira ina yotchipa imene asilikali a ku America anayamba kuigwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndipo makampani ndi mabungwe othandiza anthu anaitengera. Ntchito ikangotha, onse amene anaigwira amakhala pansi pomwepo, thukuta lisanaume, n'kuyankha mafunso anayi: timafuna chichitike n'chiyani, chachitika n'chiyani, kusiyanako kwabwera bwanji, ulendo wina tidzatani. Lamulo lake n'lakuti paja sipabwalo la milandu, ndipo wamng'ono amayankhula mofanana ndi wamkulu. Apa m'pamene ife zimativuta. Mwambo wathu sulola kuti mnyamata anene pamaso pa wapampando kuti, "Abambo, lole inachedwa chifukwa inu munaimba foni mochedwa." Tinayesa zimenezi titaika maliro ena amene chakudya chinaperewera, ndipo kwa mphindi makumi awiri aliyense ankangothokoza mnzake. Zinasintha wapampando atayamba yekha kunena pamene iwo analakwitsa. Atatero, amayi a kukhitchini anamasuka, ndipo tinamva kwa nthawi yoyamba kuti iwo amawerengera ufa poona kuti womwalirayo anali wa mpingo uti ndiponso ngati maliro agwa kumapeto kwa mwezi. Zaka zonsezi komiti inkangogula matumba ofanana.

Za kusunga sindichedwapo, chifukwa ndi gawo limene ogulitsa makompyuta analilalika kale mokwanira. Zimene ndaona n'zoti nzeru za mabungwe ambiri muno zili m'malo atatu: mu laputopu ya munthu mmodzi, mu gulu la WhatsApp, ndi mu imelo imene pasiwedi yake anaidziwa ndi mtsikana amene pano ndi nesi ku Leeds. Foni ikabedwa mu kombi, zaka zitatu za mbiri ya bungwe zapita. Mankhwala ake si odula. Chilichonse chikhale ndi malo amodzi odziwika, dzina la fayilo linene chimene chili m'katimo ndi tsiku lake, makiyi akhale ndi anthu osachepera awiri, ndipo wina akhale ndi udindo wochotsa zakale. Chomalizachi anthu amachinyoza, koma kabati yodzaza malangizo amene anatha ntchito ndi yoopsa kuposa yopanda kanthu, chifukwa wobwera kumene amawakhulupirira. Pitani ku National Archives of Zimbabwe, imene inakhazikitsidwa mu 1935, mukaone: theka la luso la osunga zakale ndi kusankha choti chisungidwe ndi kulemba kuti chili pati. Ndipo amene mabungwe awo amafuna satifiketi ya ISO 9001, yotsimikiza kuti bungwe limayendetsa ntchito zake mwa muyezo wovomerezeka padziko lonse, imene muno imaperekedwa ndi Standards Association of Zimbabwe ndi ena, akudziwa kuti kuyambira 2015 muli ndime 7.1.6 yofunsa kuti bungwe limadziwa bwanji nzeru zimene likufunika ndiponso limazisunga motani. Mu 2018 kunatulukanso ISO 30401, yonena za nkhaniyi payokha.

Pamene pamagona nkhondo ndi pa kugawana. Kampani ya Xerox, yopanga makina a fotokope, inali ndi mabuku akuluakulu a malangizo kwa amisiri ake. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Julian Orr, anayenda nawo amisiriwo n'kupeza kuti makina akavuta zenizeni, mabukuwo sankathandiza kwenikweni. Chimene chinkathandiza ndi nkhani zimene ankauzana pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana: makina akuti anandichita zakuti, ndinayesa ichi, chinakana, kenako ndinapeza kuti ndi kawaya aka. Nthawi imene abwana ankaiona ngati yocheza ndiyo inali sukulu. M'zaka za m'ma 1990 kampaniyo inakonza nkhokwe ya pa kompyuta yotchedwa Eureka, mmene mmisiri ankalembamo zimene watulukira, amisiri anzake odziwa n'kuzitsimikiza zisanafalitsidwe. Chimene chinakopa anthu kulembamo si ndalama. Langizo lililonse linkatuluka ndi dzina la mwini wake, ndipo mmisiri ankadziwika kwa anzake a kutali amene sanawaonepo.

Koma mu Harare muno muli chinthu china chimene mabuku a kunja sachinena mokwanira, ndicho mantha. Mu Julayi 2015 khoti lalikulu la apilo, Supreme Court, linagamula kuti wolemba ntchito akhoza kuchotsa munthu pongomupatsa notisi ya miyezi itatu, ndipo m'masabata ochepa anthu zikwizikwi anapezeka ali pakhomo, mpaka nyumba ya malamulo inasintha lamulolo mu Ogasiti. Amene anaona zimenezo anaphunzirapo phunziro limodzi: wotsala ndi amene popanda iye makina sayenda. Ndiye lero mukamuuza mkulu wa zaka makumi asanu kuti aphunzitse mnyamata wolandira theka la malipiro ake, iye akumva kuti mukumupempha akumbe dzenje lake. Mkulu wina pa fakitale ina ku Workington anandiuza mosabisa, "Achimwene, ichi n'chimene ana anga amadyera. Ndikachipereka, adya chiyani?" Sindinamuone ngati woipa mtima. Bungwe limene likufuna kuti anthu ake azimasula nzeru liyenera kuyamba layankha funso limenelo, ndi zochita zooneka: wophunzitsa anzake akwezedwe, alipidwe, atchulidwe dzina, ndipo pochotsa anthu asayambire iye. Popanda zimenezo mudzagula pulogalamu yodula, anthu n'kuikamo mindandanda ya maholide.

Mbali inayo ya kugawana ndi kufunsa, ndipo apanso tili ndi matenda athu. Timadziwa tonse kuti safunsa anadya phula, koma pa ntchito wofunsa amaoneka mbuli, ndiye wobwera kumene amasankha kulakwitsa mwakachetechete. Mabungwe ena amathetsa izi poika kufunsa m'ndondomeko: gulu lisanayambe ntchito yaikulu, limayenera kuitana anzawo amene anagwirapo yofanana nayo kuti adzawauze mbuna zili pati. Zikakhala lamulo, manyazi amachoka. Ndipo wobwera kumeneyo nayenso azifunsidwa m'mwezi wake woyamba kuti waona chiyani chodabwitsa, asanazolowere. Paja mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tisanamizane kuti nzeru iliyonse ndi ya aliyense. Ife Achewa tikudziwa bwino zimenezi kuposa alangizi a makampani. Azigogo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, ena pansi kudzera ku Tete, ena pa malole a ulere, kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ndipo sanabwere ndi mabuku. Komabe Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure, akuvinidwa mpaka lero ku Mabvuku, ku Tafara, ku Epworth. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kuno sanatchuleko, koma ng'oma zikulirabe. Mwambo umenewu wadutsa mibadwo chifukwa uli ndi dongosolo lake lokhwima: amene ayenera kudziwa ndani, adziwe pa msinkhu uti, amuphunzitse ndani, ndipo zimene sizituluka kudambwe ndi ziti. Chimodzimodzi anamkungwi. Banki imachita zomwezo ndi manambala a makasitomala, chipatala ndi makhadi a odwala. Kusamala nzeru n'kudziwanso potseka pakamwa. Ngozi ya chinsinsi ndi imodzi: osunga akachepa kufika pa mmodzi, chimasanduka cha m'manda. Chichewa chenichenicho chikutiphunzitsa zimenezi. M'mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, imene inakhala sinodi payokha mu 1965, agogo amaimba nyimbo za m'buku pamtima, adzukulu akuyankha m'Chishona. Mabuku a nyimbo alipo ndithu m'kabati.

Ife a sosaite tinatha Malamlungu atatu tikulimbana ndi tinyenyezi tija, aliyense ndi maganizo ake, mpaka mayi wina wa m'komiti anatiseka. "Inu abambo, mukufunsa makope? Amene ankawayatsira nyali polemba ali pompano." Tinapita kunyumba kwa malemuwo madzulo a Lachitatu, titanyamula shuga ndi buledi. Amayiwo anavala magalasi, anatsegula kope la 2008 ngati akutsegula Baibulo lawo. Kanyenyezi kamodzi, anatero, ndi amene analipira ndi katundu ndalama zitasanduka mapepala: sopo, mafuta ophikira, ndowa ya chimanga, ndipo nambalayo ndi mtengo umene anagwirizana tsiku limenelo. Tiwiri ndi amene komiti ya nthawiyo inawakhululukira ngongole chifukwa cha matenda kapena nyumba yogwetsedwa ndi boma mu 2005. Titafika pa kozunguliridwa anayamba akhala chete, chala chili pa dzina lina. Kenako anati amenewo ndi anthu amene bambo ankawalipirira ndi ndalama za m'thumba mwawo kuti asachotsedwe m'kaundula, ndipo eni akewo ena mpaka lero sadziwa. Tinawerenga mayina khumi ndi anayi. Awiri mwa iwo ali m'komiti yathu.

Kope latsopano tinaliyamba ndi tsamba lofotokoza zizindikiro, ndipo ndalama iliyonse tsopano imalembedwa ndi mtundu wake. Wachiwiri kwa mlembi amakhala pambali pa mlembi Lamlungu lililonse la msonkhano, ndipo mwezi wachitatu uliwonse amalemba ndi iye, mlembi akuyang'ana. Masamba amajambulidwa pa foni ziwiri. Pa tsamba loyamba lija tinalembapo za kanyenyezi kamodzi ndi za tiwiri. Za kozunguliridwa tinakangana mpaka magetsi anazima, msungichuma akuti kaundula wa bungwe sakhala ndi ngodya zamdima, ine ndikuti mayinawo sanali athu oti tiulule. Pomaliza atatufe tinauza mlembi watsopano ndi wachiwiri wake pakamwa, tili panja pafupi ndi mpopi, ndipo makope asanu ndi awiri aja tinawamanganso ndi mphira womwe uja n'kuwaika m'bokosi lachitsulo la makiyi awiri.